Tsiku Limene Ndinabunthitsa Lumo la Amalume

Ndikukumbukira chaka chimene zipere zinandigwira m'mutu, ndili Sitandade 4 kwathu ku Msakambewa. Lachisanu aphunzitsi anandichotsa pamzere, nati ndisabwerenso mpaka nditameta ndi kupaka mankhwala. Mayeso anali kuyamba Lolemba. Kuwaphonya kunali kubwereza kalasi, ndipo mayi anali atanena kale kuti mtsikana wobwereza angokhala pakhomo azisoka fodya.

Wondimeta anali amalume, a Gelesomu, mkulu wa mpingo amene ankasula malumo kuseri kwa nyumba yawo. Ankawotcha matupa akutha pamakala mpaka psuu, n'kusula, n'kuviika m'madzi. Akatero ankabwezeranso chitsulocho pamoto wochepa mpaka chioneke ngati udzu wouma. Ankati chitsulo cholimba mopitirira n'chamakani, chimabenthuka ndipo sichimva mwala wonolera. Malumo awo ankangofuna kuwasisita pang'ono basi, akuthwa.

Ine lumo ndinkaliopa koopsa. Koma nzeru za mwana inu! Ndinaganiza kuti lobuntha silingapweteke. Loweruka m'mawa, amalume ali kudimba, ndinalisolola patsindwi pomwe ankalisunga, n'kulikwecha pakhasu mpaka mtima unakhala pansi.

Masana anandikhazika pampando, sopo ndi madzi ofunda zili pambali. Analiyesa lumolo pa ubweya wa pamkono, koma silinadule kanthu. Anandiyang'ana n'kufunsa:

"Naphiri, lumoli lalima munda wa yani?"

Misozi inangoti mbwe. "Ndimaopa, amalume."

Ndinadikira mbama, koma siinabwere. Anadontheza madzi pamwala, nayamba kunola mosafulumira, uku ndi uku, kenako anapukuta palamba wachikopa. Madzi aja asanazizire n'komwe, lumo linali litabwerera mwakale. "Likanakhala lolimba ngati mutu wakowu, bwenzi titalitaya," anatero.

Ine ndinali nditaphimba mutu ndi manja, kukana kumetedwa. Ndiye anandipatsa galasi kuti ndiwagwirire, napaka sopo m'mutu mwawo, n'kudzimeta mpala. Imvi zimene ankazipesa monyadira Lamulungu lililonse zinagwera pafumbi, iwo akuimba nyimbo chapansipansi. Itafika nthawi yanga, ndinangomva kuzizira kukuyenda m'mutu. Ngakhale kadontho ka magazi sikanatuluke.

Kwathu munthu wamkulu akameta mpala, anthu amati kwagwa maliro. M'mawa mwake kutchalitchi azimayi ankawayandikira amalume mmodzimmodzi, manja atagwira pachifuwa: "Pepani abambo, zovutazi zagwa kuti?" Iwo ankangoti, "Ayi, kutentha, amayi." Kutentha mu Julaye, mphepo ya m'mapiri a Dowa ikuluma makutu! Ndinabisa nkhope m'mpango wanga, kuseka ndi manyazi zikulimbana. Za khasu zija sanauze munthu, ngakhale mayi. Lolemba ndinalemba mayeso, mutu ukununkha mankhwala, ndipo ndinakhoza.

Lero adzukulu anga amametetsa ndi mashini ku Malomo, ndipo magetsi akathima amabwera kunyumba mutu uli theka. Wosula malumo sindikumudziwanso. Ndimawathokoza amalume aja, chifukwa popanda iwo sindikanagwira choko zaka zonse zimene ndaphunzitsa.

Atamwalira, pa tsiku lometa, abale ambiri anangodulako tsitsi pang'ono monga zikuchitikira masiku ano. Ana anga anandinong'oneza kuti nditero nanenso, poti Lolemba ndikaima pamaso pa ana asukulu. Ndinavula duku, ndinakhala pamphasa, n'kumuuza wometayo kuti achotse lonse.