Tsiku limene Effie anaperekeza Nicole

Effie Kamwendo anabadwira ku Balaka, mwana wachitatu wa mphunzitsi wa kupulayimale. Atagwira unamwino zaka zisanu ndi zinayi pachipatala cha mishoni, anapeza ntchito yosamalira okalamba kunja, ku Tottenham. Mwamuna wake, Walter, anamutsatira patatha chaka. Kwawo Walter anali kalaliki wopatsidwa ulemu. Kuno ankasenza makatoni tsiku lonse, ndipo ukali wake wonse unkathera pa mkazi.

Effie sanauze munthu. Akanayambira pati? Abale akamuimbira pa vidiyo ankangoona firiji, makatani ndi mipando yawofuwofu. "Inu ndiye munaolokatu, achemwali," ankatero mng'ono wake. Kwa Effie mavuto anali njala ndi denga lodontha. Munthu wodya katatu pa tsiku angadandaule chiyani?

Kuntchito kunali Nicole, mayi wa ku Colombia wokolopa m'makhonde. Manja ake anali atang'ambikang'ambika ndi mankhwala otsukira, koma chipatala ankachiopa ngati polisi. Chingerezi chake chinali chodukaduka, komanso anzake anamuuza kuti dokotala amayamba wafunsa mapepala.

"Bodza limenelo," anatero Effie. "Lachiwiri tipitire limodzi kwa dokotala wanga. Ndikakulankhulira."

Anapitadi. Namwino wake anali Sibeso, mayi wa ku Zambia. Anaona manja a Nicole, n'kumulembera mafuta odzola. Koma diso lake linali pa woperekezayo: munthu akamalankhula, Effie ankapotoza khosi kuti amvere khutu lakumanja.

"Nanga inu amayi, khutu linalo latani?"

"Ndinagunda chitseko."

Nicole anamva mawuwo. Anakankha tsitsi lake pamphumi, kuonetsa chipsera chakale. "Inenso chitseko," anatero. "Changa chinali ndi ndevu. Ndinachisiya kwathu ku Cali."

Effie anaphulika kuseka, koma kusekako kunasanduka kulira, kulira kwa zaka ziwiri. Sibeso anatseka kompyuta, n'kumusiya alire mpaka atatopa.

Tsiku lomwelo dokotala anati khutulo labooka mkati koma lipola. Sibeso anaimbira bungwe lothandiza amayi ochitiridwa nkhanza. Mayi wa kumeneko atawerenga mapepala a Effie anamuuza kuti viza yake ndi ya ntchito yake, ndipo Walter sangamuthamangitse m'dziko monga ankamuopsezera. Effie anafunsa kawiri kuti amve bwino.

Kunyumba sanabwerereko yekha. Zovala anakatenga ali ndi apolisi. Milungu itatu anagona pa matiresi m'chipinda cha Nicole ku Seven Sisters, amayi anayi kusinthana bafa limodzi, nkhungu ili mbuu pakhoma. Koma tulo take tinali tokoma zedi.

Chimene ankachiopa kwambiri chinali kuuza bambo ake. Ankayembekeza kumva zoti banja ndi kupirira. Komabe anawaimbira foni, n'kuwauza zonse.

"Mwanawe," anatero mkuluyo, "kwathu kuno mphawi ndi munthu wosowa womulirira. Iwe tilipo ife. Unadzisandutsiranji mphawi?"

Lero Effie akukhala yekha m'kachipinda ku Woolwich, pamwamba pa shopu ya nsalu. Mayeso a unamwino wa kuno anakhoza ulendo wachiwiri. Loweruka akapanda shifiti amatsikira kumsika, n'kumasankha mapeyala mosafulumira, limodzilimodzi, popeza palibe womuwerengera nthawi yobwerera.