Manda a pa Siteji ya Basi

Ndikukumbukira chaka chathu choyamba kunja kwa dziko lathu, mumzinda wa Rotherham, ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Pafupi ndi pomwe tinkakwerera basi panali chipilala cha mwala, chotalika ngati ine, chobiriwira ndi ndere. Zolembedwa pamenepo sizinkaoneka, ndipo m'munsi mwake munali mabotolo ndi mapepala a tchipisi. Amayi akamadutsa ankayenda pang'onopang'ono n'kutsitsa mawu, monga timachitira kwathu tikaona masamba a maliro pamsewu.

"Koma anthu a kuno!" ankadandaula. "Munthu kugona pamsewu chonchi, abale ake osabwera n'komwe kudzalambula?"

Zinkawapweteka pa chifukwa. Bambo awo anamwalira ku Dedza ife titangofika kumene, ndipo poti mapepala athu otiloleza kukhala m'dziko lino anali asanatuluke, amayi sakanatha kupita. Malirowo anawalirira pa foni. Kuyambira pamenepo anasiya kuimba pophika, ndipo ine ndinkaopa kuti sadzaimbanso.

Loweruka lina m'mawa anamanga chitenje pamwamba pa jekete, n'kundipatsa ndowa ndi burashi yotsukira m'bafa. Iwo ananyamula tsache. Manyazi anandigwira mpaka m'makutu, ndipo ndinapemphera kuti anzanga a kusukulu asadutse. Madzi anali ozizira moti zala zinachita dzanzi. Tinazula udzu, tinatola zinyalala, tinakwecha mwalawo, amayi atagwada pa simenti yonyowa.

Kenaka panaima bambo wina wokalamba, mzungu, ali ndi kagalu kake. Chingerezi cha kuno chinkawathawabe amayi, choncho womasulira ndinali ine. Bamboyo anafotokoza mwaulemu, akudziletsa kuseka, kuti pamenepo sanaikepo munthu. Chipilalacho chinkangokumbutsa kuti asilikali akale anadutsa pamenepo popita kukamenya nkhondo. Zoonadi, pamene tinakwechapo panaoneka dzina limodzi lokha, la mkulu wa asilikaliwo.

Amayi anayang'ana tsache lawo, anayang'ana ine, kenaka anaphulika ndi chiseko mpaka misozi mbwembwembwe. Ndinali nditaiwala kuti amaseka mokweza chonchi.

"Tawafunsa agogowa," anatero akupukuta m'maso, "nanga anthu amene asilikaliwo anakawapha, mayina awo ali kuti?"

Bamboyo anakanda m'mutu. Anavomera kuti sakudziwa, ndipo mwina palibenso amene akudziwa.

"Ndiye kuti osalambulidwa ndi ambiri kuposa mmene ndimaganizira," amayi anatero. "Kwecha, mwanawe, sitinalakwitse."

Bambo uja anamangirira galu pa benchi n'kutigwirira ndowa mpaka tinamaliza. Pobwerera amayi anayamba nyimbo ya kwaya, mwamphamvu, pakati pa msewu. Manyazi anga onse anathera pomwepo, ndipo ndinavomera nyimboyo ndi mtima woyera mbee.

Masiku ano chipilalacho amachitsuka ndi makina, ndipo pambali anaikapo chikwangwani chofotokoza mbiri yake. Ana anga, amene ndimawayankhula Chichewa iwo n'kumayankha Chingerezi, amandiseka ndikatsitsa mawu pamenepo.

Patapita zaka zambiri, mapepala atatuluka, amayi anakafika ku Dedza. Anandiimbira foni ataima pa manda a bambo awo, tsache lili m'manja.

"Mwanawe," anatero, "ndapeza posesa kale. Zaka zonsezi wina wakhala akundisesera."