Foni ya Dorica Pamaso pa Ankhoswe

Efulemu Phiri, wakabaza wa njinga yamoto pa siteji ya Mitundu, ndi munthu woti simungamudandaule. Salawa mowa, sathamanga m'mabampu, ngakhale mbuzi yomangidwa miyendo amainyamula mwaulemu. Matenda ake ndi amodzi basi, nsanje. Koma ndiye nsanje yochita kuwira, abale inu!

Mwini wake amati ntchito ndiyo inamutsegula maso. Pa zaka khumi zimene wayenda msewu wafumbi wa ku Nathenje, wanyamulapo akazi a eni ambirimbiri onena kuti akupita kuchigayo, chonsecho alibe ndi kathumba komwe. Ndiye mkazi wake Dorica akangosekerera wogula tomato, Efulemu mtima unkamupweteka tsiku lonse. Banja lawo linali litatha zaka zisanu ndi ziwiri popanda mwana, ndipo alongo ake a Martina sankatopa kumunong'oneza kuti mkazi wosabereka maso ake sakhala pamodzi.

Foni ya tachi anamugulira yekha Dorica. Koma kwathu kuno foni ilibe mwini mmodzi. Alamu abwereka, aneba abwereka, ukakana akuti ndiwe wodzimva. Efulemu naye akabwera kudzadya masana, ankaitola n'kuyang'ana mndandanda wa zimene mkazi wake watsegula pa intaneti. Chingerezi sawerenga, sukulu analekera sitandade folo, koma zithunzi zinkamuuza: masitayilo a madiresi, nyimbo za kwaya, basi.

Nthawi yokolola itafika, mndandanda uja unangoti mbee, ngati bwalo losesa kumene. Bandulo ikutha, koma zotsegulidwa palibe. Mnzake wina pa siteji anamumasulira kuti m'foni muli tsamba lakuda lokhala ndi kachipewa ndi magalasi, ndipo zimene watsegula mmenemo sizisiya mapazi ukalitseka. "Amalikonda ndi a zibwenzi," anawonjezera mnzakeyo, uku akuseka.

Efulemu sanameze chakudya tsiku limenelo.

"Nabanda, mukubisa chiyani m'fonimu?" anamufunsa mkazi wake, pomutchula ndi mfunda wake.

"Foniyi imagwidwa ndi manja ambiri, a Phiri. Zina si za aliyense."

"Ineyo ndine aliyense?"

Dorica anangowerama. Ha, kuwerama kumeneko! Efulemu anaona mwamuna wina paliponse: wogulitsa feteleza, mkulu wa kwaya, ngakhale nkhalamba yosoka nsapato. Nsanje inamuwondetsa mpaka lamba anabooletsanso.

Loweruka lina masana anasiya njinga kutchalitchi n'kuyenda wapansi kudzera m'munda. Anamupeza Dorica kuseri kwa nkhokwe, maso ali pa foni, ndipo anaitsomphola asanatseke. Tsamba lakuda lija linali pompo, Chingerezi chokhachokha, pamwamba pake mwamuna wovala zoyera akumwetulira.

"Ndi ameneyu eti!"

Dorica anagwada. "Chonde a Phiri, tilowe m'nyumba ndikufotokozereni awiriwiri."

Anakana. Nkhani ya banja, iye anati, imakambidwa pamaso pa ankhoswe. Foni anaisunga m'thumba osaigwiragwira, kuopa kuti umboni ungafufutike.

Mawa lake anthu atatuluka m'tchalitchi, ankhoswe anakhala pansi pa mtengo wa mango. Kuchimuna kunali malume ake a Alick, mphunzitsi wopuma ntchito. Kuchikazi kunabwera malume a Dorica kuchokera ku Nathenje. A Martina sanaitanidwe, koma anadzikhazika pakhonde ndi aneba awiri, ati kudzasenda mtedza.

"Malume, werengani mokweza, mumasulire m'Chichewa, aliyense amve," anatero Efulemu.

A Alick anavala magalasi, anawerenga chamumtima, kenako anatsokomola. "Mphwanga, izi tikambe patokha."

"Musawerenge, chonde," anapempha Dorica.

Efulemu anakalipa: "Mwaona? Nanunso malume mukumuikira kumbuyo? Werengani!"

Wamisala anaona nkhondo, koma wansanje saona kanthu. A Alick anapukusa mutu n'kuyamba: "Zimene mwamuna angachite ngati mbewu yake ili yofooka, ndi mmene mkazi angamulimbikitsire kupita kuchipatala popanda kumuchititsa manyazi." Anakweza maso. "Wovala zoyerayu ndi dokotala, mphwanga."

Pakhonde paja mtedza unasiya kulira.

Dorica anayankhula misozi ikutsika. "Ndinapita kuchipatala cha ku Nkhoma ndekha. Anandiyeza, anati kumbali yanga kulibe vuto, ndibwere ndi abambo. Miyezi itatu ndakhala ndikufunafuna mawu oti ndikuuzireni. Ndimabisa kuti obwereka foni asaone. Ine dzina loti chumba ndinalizolowera kale, a Phiri. Sindinafune kuti inu akutchuleni gojo."

 Manyazi anamugwira Efulemu kuyambira kumutu mpaka kuphazi, ndipo aneba aja anali atanyamuka kale, aliyense kulowera kwake mofulumira.

Madzulo omwewo Dorica anamanga zovala m'chitenje n'kutsagana ndi malume ake. Efulemu atawalondola mpaka pamsewu, mkuluyo anatembenuka n'kunena mofatsa: "Bwererani, apongozi. Mukayamba mwafika kuchipatala, nkhani tidzakamba."

Pano patha miyezi iwiri. Pa siteji aliyense akudziwa, ngakhale pamaso pake sanena. Efulemu akunyamulabe anthu, ndipo akadutsa pa Nathenje amayenda pang'onopang'ono, maso ali m'misika ya tomato. Kawiri konse wafika pamphambano yokhotera ku Nkhoma, waima, n'kutembenuza njinga. Dorica samuimbira, naye alibe nkhope yoti amuimbire.