Kalata ya Keziya ndi mpopi wa Lachinayi

M'faelo ya komiti ya kasikimu kena ka mpunga wothirira ku Kaporo muli kalata ya tsamba limodzi, yolembedwa pa 29 Julaye 2024 ndi kudindidwa tsiku lomwelo kuti yalandiridwa. Ndime yake yachitatu ikuti: "Wotchi ya bokosi sindinaimalize. Magetsi akangoduka, bokosi lidzaiwala tsiku ndipo lidzatsegula mpopi wa Lachinayi, ngakhale litakhala Lolemba. Musaliike mpaka patapita masabata awiri." Kalatayo inalembedwa kudakali mwezi wathunthu vuto lisanachitike. Komabe mpaka lero, pamsika ndi kuchigayo, anthu amanena mosaphethira kuti Keziya Mwanjasi anapatutsa madzi mwadala kuti athirire minda ya kwawo. Ambiri mwa onena zimenezi analipo tsiku limene kalatayo inawerengedwa mokweza.

Keziya anabadwa mu 1986, mwana wachitatu wa bambo wokonza mawailesi. Anakulira m'fungo la mtovu wosungunuka, atagwirizira mawaya pamene bambo ake ankawotcherera. Anaphunzira zamagetsi ku Mzuzu, kenako anagwira ntchito zaka zisanu ku Mbeya, m'kampani yokonza masikelo a pakompyuta, kumene anadziphunzitsa kuwerenga ndi kulemba mapulogalamu a m'kati mwa makina. Mu 2013 anakwatiwa ndi Yotamu Mwafongo, nabwerera ku Kaporo, kumudzi kwa mwamuna wake. Anaika tebulo pakhonde la sitolo ina n'kumakonza mafoni. Anthu ankamudziwa ngati mayi wosaseka msanga, amene amalemba m'kope chilichonse chimene wachotsa m'foni ya munthu, ngakhale kasikuluwu kamodzi.

Banja limene anakwatiwako ndi losunga mwambo wachinkhonde mosanyengerera. Mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana, sayang'anana ndi apongozi ake aamuna, salankhula nawo, ndipo dzina lawo salitchula. Akawaona akubwera panjira amapatukira kutchire atafunda chitenje kumutu. Mawu aliwonse amadzera mwa munthu wina. Keziya anasunga mwambowu zaka khumi ndi chimodzi popanda kudandaula, ndipo sunamulemere, kufikira pamene apongozi akewo, a Ambokile Mwafongo, anasankhidwa kukhala wapampando wa komiti ya sikimu.

Sikimuyo ili ndi pampu ya sola imene imakoka madzi mumtsinje, ndi mipopi ikuluikulu isanu ndi umodzi yotseguka ndi magetsi. Minda inagawidwa m'mabuloko asanu ndi limodzi, lililonse ndi tsiku lake, kuyambira Lolemba mpaka Loweruka. Wosankha mpopi woti utseguke si munthu, chifukwa kale anthu ankatemana ndi makasu pa nkhani imeneyi. Limasankha ndi bokosi lokhala m'kanyumba ka pampu: limayang'ana tsiku n'kutsegula mpopi wa tsikulo. Munda wa Keziya ndi Yotamu uli m'buloko la Lolemba. Minda ya alongo ake a Keziya, a kwa Mwanjasi, ili m'buloko la Lachinayi.

Mu Epulo 2024 madzi osefukira analowa m'kanyumbako mpaka pawindo, ndipo bokosi linafa. Kampani imene inaliika inayankha ndi mizere iwiri yokha kuti mtundu umenewo unasiya kupangidwa. Keziya anatulutsa kakhadi kosunga mapulogalamu m'matope, anakatsuka ndi sipiriti, napeza kuti zonse zili momwemo. Anaitanitsa bolodi ina, kathabwa ka zamagetsi koyendetsa bokosilo, kudzera ku Mbeya. Koma imene inabwera inali ndi pulosesa ya mtundu wina, wa RISC-V, pamene yakale inali ya ARM. Pulosesa ndiye kachipangizo kamene kamatsata malamulo a pulogalamu, ndipo mtundu uliwonse umamva malamulo akeake. Kulowetsa khadi lakale m'bolodi yatsopano kunali ngati kuwerengera munthu lamulo m'chinenero chimene sanachimvepo. Pulogalamu yaikulu yoyendetsa makina onse, imene amaitcha opareting'i sisitimu, inayenera kumangidwanso kuchokera pansi, kenako n'kuuzidwa chimodzichimodzi pamene pali chilichonse pa bolodi yatsopanoyo.

Ntchitoyo inamudyera miyezi itatu. Masabata awiri oyamba bolodi inangokhala chete ngati mwala. Tsiku limene inatulutsa mzere woyamba wa zilembo pa laputopu yake, Keziya sanauze munthu, anangolemba tsikulo m'kope. Kenako anaiphunzitsa kuwerenga khadi, kenako kutsegula ndi kutseka mipopi, akuyesera ndi mababu asanu ndi limodzi a tochi pa tebulo lake. Chinatsala ndi wotchi. Bolodi yatsopano inalibe wotchi yokhala ndi kabatire kakekake. Makina a mtundu umenewu akayaka osadziwa tsiku amayamba kuwerenga kuchokera pa 1 Januwale 1970, ndipo tsiku limenelo linali Lachinayi. Keziya anadziwa bwino tanthauzo lake. Anali atachotsa kale kawotchi m'bokosi lakale, koma kulemba kachigawo kothandiza sisitimu kukawerenga pa pulosesa yatsopano kunkafuna masabata ena awiri.

Mbande zinali zitakula m'manazale, ndipo komiti inaitana alendo kudzaona kuyatsidwa kwa pampu pa 5 Ogasiti. M'pamene Keziya analemba kalata ija n'kuipereka kwa Yotamu, bambo wa mwana wawo Lughano.

"Mukawawerengere yonse, bambo a Lughano. Makamaka ndime yachitatu."

"Ndamva."

"Musakafotokoze ayi. Mukawerenge."

Yotamu anaiwerenga yekha panjira, ndipo atafika pa mawu akuti "musaliike" anachita mantha. Mkamwana kulamula apongozi ake! Atafika kwa bambo ake, amene maso awo saonanso zilembo zing'onozing'ono, anawauza kuti mayi a Lughano akupereka ulemu, ntchito yatha, kwangotsala tating'onoting'ono. Kalatayo anaipereka kwa mlembi wa komiti, Violet Kayange, amene anaidinda n'kuiika m'faelo. Kunyumba Yotamu anati akuluakulu amva koma akana kudikira.

Bokosi linaikidwa, alendo anaomba m'manja, ndipo kiyi wa kanyumba anapita m'thumba la wapampando. Keziya anatumanso mwamuna wake kawiri kukapempha kuti azilowamo masana pampu ikazima. Yankho linali limodzi: "Adada akuti chimene chikuyenda chisakhudzidwe."

Chinayenda masabata atatu. Koma batire lalikulu la sola nalo linali litamwa madzi a mu Epulo, ndipo Lolemba pa 26 Ogasiti linatha mphamvu kusanache. Dzuwa litatuluka bokosi linayakanso, n'kutsegula mpopi wa Lachinayi. Keziya, amene anali m'munda mwake akudikira madzi ndi khasu m'manja, anaona ngalande youma ndipo anadziwa. Anathamangira kwa Violet, amene ankasunga kiyi wachiwiri, nalowa m'kanyumbako n'kukonza tsiku ndi laputopu. Madzi anafika ku Lolemba dzuwa litapendeka kale, ananyowetsa minda iwiri yoyambirira basi. Anthu atatu anamuona akutuluka m'kanyumbako. M'mawa mwake batire linathanso, ndipo mpopi wa Lachinayi unatsegukanso.

Tsikulo lisanathe, nkhani inali itamera miyendo. Anthu ankati mkazi wokwatiwa thupi limakhala kwa mwamuna koma mtima umatsala kwawo. Ena ankati amalilamula bokosi pafoni ali kunyumba. Palibe anafunsa kuti munthu wakuba madzi angaumitsirenji munda wake womwe. Komiti inalanda Violet kiyi n'kulamula kuti Keziya asayandikire kanyumbako. Amuna anayi analowamo kukakonza okha ndi nzeru yokhayo imene ankaidziwa, yozimitsa ndi kuyatsanso. Nthawi iliyonse akatero bokosi linkabwerera ku Lachinayi, ndipo iwo ankatuluka akupukusa mitu kuti mayiyu walimanga zolimba.

Keziya anatuma Yotamu kachitatu, ndipo ulendo uno Yotamu anakhala pansi pa mtengo wa mango n'kubwerako osafika. Anthu anayamba kutunga madzi ndi zidebe, koma dzuwa la ku Karonga silimva chidebe. Nthaka ya m'mabuloko a Lolemba ndi Lachiwiri inang'ambika, mbande zowokeredwa kumene zinafiira nsonga. Pakhonde paja makasitomala anayamba kutenga mafoni awo asanakonzedwe. Mayi wina anauza Lughano, mwana wamkazi wa Keziya, kuti akauze amake azilongedza. Zinkamveka kuti komiti ichotsa dzina la Keziya m'sikimu, ndipo azakhali a Yotamu anayamba kunena za kumubweza kwawo.

Msonkhano unachitika Lolemba pa 2 Seputembala, m'mawa, pabwalo la kanyumba ka pampu. A Mwafongo anakhala pampando kutsogolo. Keziya anagwada chapatali, atawafulatira, chitenje chili kumutu, monga mwa mwambo. Womulankhulira anali Yotamu.

Anayamba ndi Kenan, mlimi wa m'buloko la Lachiwiri, amene pakamwa pake sipagwa ntchentche. "Ife sitinapite ku Mzuzu, a wapampando, koma kuwerenga masiku timatha. Kwathu kuno sabata yasanduka Lachinayi, Lachinayi, Lachinayi. Mwina alamu athuwa atiuze, Lamulungu tizipemphera liti?"

Anthu anaseka, koma kuseka kwa anthu okwiya. Yotamu anaimirira, akupotokola chipewa. "Adada, ndi inu nonse, mayi a Lughano akupepesa kwambiri. Akuti munthu amalakwa, ndipo..."

"Sindinapepese."

Mawuwo anachokera pansi pa chitenje. Keziya sanatembenuke.

"Mayi a Lughano, chonde," Yotamu ananong'ona.

"Mwandilankhulira kokwanira, bambo a Lughano. Khalani pansi. Ndikulankhula ndi a mlembi. A Kayange, m'faelo yanuyo muli kalata yanga ya pa 29 Julaye. Iwerengeni."

"Kalata yanji?" a Mwafongo anafunsa, akuyang'ana Violet.

"Imene inabwera ndi a Yotamu, a wapampando. Anati mwamva kale zonse."

"Werenga."

Violet anawerenga, ndipo pa ndime yachitatu mawu ake anachepa. A Mwafongo anamuuza kuti abwereze. Atabwereza, mkuluyo anatembenukira kwa mwana wake. "Iwe, tating'onoting'ono tija n'timeneti?"

Yotamu anayang'ana pansi. "Munali mawu akuti musaliike, adada. Ndikanayamba bwanji?"

"Pepala ndi pepala," Kenan analowerera. "Wakuba wochenjera amalemberatu kalata."

"A Kayange, muwauze a Kenan kuti ndine wokonzeka," anatero Keziya. "Foni yanga nayi, aisunge iwowo. Inu mulowe ndi laputopu, ndikuuzani zolemba, ndipo mpopi wa Lolemba utseguka. Ukatseguka, a Kenan azimitse bokosi ndi dzanja lawo, aliyatsenso, awerenge okha tsiku limene lituluke. Ngati si 1 Januwale 1970, ndilongedza lero lomwe. Ndipo muwafunse kuti chaka chimenecho ine ndinali kuti."

Zinachitika monga ananenera. Madzi anathamangira m'ngalande ya Lolemba, anthu akuona. Kenan analowa, foni ya Keziya ili m'thumba mwake, nazimitsa n'kuyatsanso. Mpopi wa Lolemba unatseka, wa Lachinayi unalira n'kutseguka. Anatuluka akukanda m'mutu. "Naintini sevente," anatero. "Kyala, Mulungu wanga! Ndiye ife sabata yonseyi timadzibera tokha?"

Ulendo uno palibe anaseka. Keziya anali asanamalize. "A Kayange, mulembe izi m'maminitsi. Ndinapempha masabata awiri, anandimana. Ndinapempha kiyi kawiri, anandimana. Mbande zanga zafa pamodzi ndi za anzanga, ndipo mwana wanga wauzidwa kuti ndine wakuba. Ulemu ndausunga zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ndiusungabe. Koma mawu anga a ntchito asadzadutsenso m'kamwa mwa munthu woopa."

Kupepesa kwa mkamwana pagulu a Mwafongo sakanatha, ndipo sanayese. Anatulutsa kiyi m'thumba, anamupatsa Violet, nati, "Kapereke kwa mwini ntchito."

Kuyambira tsiku limenelo Keziya ankalawirira kukakonza tsiku ndi dzanja dzuwa likangofika pa sola, ndipo masana pampu ikazima ankachotsa bolodi n'kupitiriza kulemba kachigawo ka wotchi kaja. Zinamutengera masiku khumi ndi asanu, tsiku limodzi kuposa mmene ananenera m'kalata, ndipo tsiku lowonjezeralo analilemba m'kope mwake.

Lachiwiri pa 17 Seputembala 2024 anazimitsa bokosi katatu pamaso pa Violet ndi Kenan, ndipo katatu konse linayaka likudziwa kuti ndi Lachiwiri. Minda khumi ndi inayi ya m'mabuloko a Lolemba ndi Lachiwiri, kuphatikizapo wake, sinakolole kanthu chaka chimenecho. Komiti inakhazikitsa lamulo lakuti kalata iliyonse yokhudza pampu iziwerengedwa ndi mlembi, yonse, pamaso pa anthu. Dzina la Keziya lidakali m'kaundula wa sikimu, kiyi ali m'chikwama chake, ndipo akakumana ndi apongozi ake panjira amapatukabe atafunda chitenje. Keziya samutumanso Yotamu.