Duwa la Kadontho

Pa benchi ya pafupi ndi khomo la tchalitchi chathu patsala malo. Ndi pamene ankakhala a Masamba, amene tawaika m'manda mwezi wathawu. Bambo mfumu andipempha kuti ndilembe za moyo wawo m'kalata ya parishi, ndipo ndavomera ngakhale mtima wanga sunakhazikike.

Anabadwira m'banja losauka koma lopemphera. Ali mwana ankatumikira pa guwa, ndipo sukulu anailekezera panjira bambo awo atamwalira. Amayi awo pochapa ankapeza matumba a kabudula ali tho ndi masamba, makungwa ndi njere, mpaka dzina loti Masamba linawamatirira.

Atakula analembedwa ntchito yosesa ku nyumba yosungiramo zomera zouma, kumene akatswiri amaphunzira mitundu ya zomera. Kenaka anawaphunzitsa kupanikiza chomera pakati pa nyuzipepala ndi matabwa, kuchimata ndi guluu pa pepala lolimba chikauma, ndi kuchiika m'kabati ya abale ake. "Chomera chilichonse chili ndi mayina awiri a Chilatini," ankatiuza, "loyamba la gulu lake, lachiwiri lakelake. Kaya upite dziko liti, dzina ndi lomwelo." Ukalakwitsa n'kuwapatsa moni pafupi ndi mpanda wa maluwa, Misa unkaipeza itayamba. Tinkawaseka, iwonso ankaseka nafe.

Anakwatira mtsikana wa m'kwaya, ndipo Mulungu anawapatsa mwana mmodzi yekha, wamkazi. Anabadwa wochepa kwambiri moti pakhomo ankangomuti Kadontho. Atangoyamba kuyenda anadwala malungo n'kumwalira. Chithunzi chake panalibe. Patapita zaka zochepa madzi osefukira anakokolola mbali ya manda imene anagona, ndipo makolowo anasowa ngakhale poika maluwa. Mwana wina sanabwerenso. Akazi awo sanasiye kuwaitana kuti bambo a Kadontho.

Tsiku lina ali kuphiri ndi katswiri wina wachikulire, a Masamba anaona kaduwa koyera ka banga lofiira mumng'alu wa thanthwe. Katswiriyo anafufuza m'mabuku ndi m'makabati onse osakapeza, ndipo anawafunsa dzina limene akanakonda. Anatchula la mwana wawo. Katswiriyo analikhotetsa pang'ono kumapeto kuti limveke Chilatini, n'kulisindikiza m'mabuku a zomera. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ankayamba atsegula kabati imene munasungidwa duwalo, n'kupemphera chamumtima, kenaka n'kuyamba ntchito. Kaduwa kena anakadzala m'chitini pakhonde pawo. "Manda anapita ndi madzi," anandiuza nthawi ina, "koma dzinali madzi sangalifikire."

Yesero lawo linabwera atatsala pang'ono kupuma ntchito. Kunafika katswiri watsopano, mtsikana waulemu, amene ankaunikanso gulu lonse la maluwa amenewo. Anali ndi chithunzi cha chomera chouma chosungidwa kudziko lina, chimene munthu wina wakalekale anachitcha kale dzina. Anapempha kuti aone duwa la Kadontho kuti ayerekeze. Lamulo lawo ndi loti chomera chimodzi chikapezeka ndi mayina awiri, lakale ndilo limaima, latsopano limasiyidwa.

Makiyi a kabati anali ndi a Masamba. Mnzawo wa pantchito anawanong'oneza kuti, "Achimwene, ingonenani kuti tizilombo tinadya. Ndani akufunseni?" A Masamba anakatenga pepala limene panamatidwa duwalo n'kuliyala patebulo. Anaunika ndi galasi, masamba, ubweya wa patsinde, mkati mwa duwa, ndipo zonse zinafanana. Popeza kumata inali ntchito yawo, kapepala ka dzina lakalelo anakamata okha ndi manja awo pamwamba pa dzina la mwana wawo.

Nditamva ndinapsa mtima, ndipo kunena zoona sunazizirebe. Ine ndi wapampando wa mpingo tinavala majekete n'kupita kukadandaula. Mtsikanayo anatilandira misozi ili m'maso. "Bambo, nkhani ya mwanayo ndaimva mochedwa," anatero. "Koma ngakhale ine nditakhala chete, mawa wina adzaona. Lamuloli si langa." Tinamufunsa ngati pali ofesi yokachitako apilo. Panalibe. Munthu amene anapambana mlanduwo, wakalekale uja amene anayamba kutcha duwalo dzina, anamwalira agogo athu asanabadwe, ndiye ukamupempha bwanji? Tinabwerako manja ali lende.

Ndinawafunsa a Masamba chifukwa chimene sanabisire pepalalo. "Ndikanabisa," anayankha, "mwana wanga akanakhala m'nyumba ya eni, ine ndikudziwa." Musaganize kuti sizinawapweteke. Anaonda, malaya anayamba kuwakulira, ndipo kwa nthawi yaitali nyimbo m'tchalitchi ankangoitsatira ndi milomo. Koma Misa sanaiphonye, ndipo mtsikana uja akadutsa ankamupatsa moni ndi manja awiri.

Atapuma ntchito anadzipereka kuyendera mabanja amene ataya ana. Enafe timafika ndi mawu ambiri olimbikitsa. Iwo ankangokhala pansi n'kufunsa kuti, "Dzina lake anali ndani?" Akauzidwa ankalibwereza pang'onopang'ono, ndipo chaka chikatha ankabweranso akulikumbukirabe. Amayi ambiri a m'parishi muno akudziwa zimene ndikunenazi.

Maso anayamba kuchita khungu, miyendo inatupa, ndipo kumapeto anagona osadzukanso. Masana a tsiku lawo lomaliza, atalandira masakramenti, ndinali nawo m'chipinda. Akazi awo anali atabweretsa chitini cha duwa lija n'kuchiika pazenera. A Masamba anandigwira dzanja.

"Aphunzitsi, inu mumadziwa za Mulungu," anatero. "Dzina loyamba ndilo limaima. Mulungu anamudziwa mwana uja ife tisanamuone, ndiye kuti anamutcha kale lake. Nanga ine ndikakafika ndikamuitana kuti chiyani?"

Ndaphunzitsa katekisimu moyo wanga wonse, koma amene anawayankha si ine.

Akazi awo anawapukuta pamphumi ndi kansalu. "Musakavutike ndi kuitana," anatero. "Mukangonena kuti ndinu bambo a Kadontho. Akabwera yekha."

Anamwetulira, natseka maso ngati munthu amene wauzidwa njira. Dzuwa lisanapendeke anali atatisiya, mwakachetechete.

Chitsanzo chimene atisiyira n'chovuta, ndipo sindikudziwa ngati ine ndikanatsegula kabati ija. Tiwapempherere, tipemphererenso mayi amene atsala okha. M'mabuku duwalo lili ndi dzina lina tsopano, ndipo palibe chimene tingachite. Koma mukadutsa pakhomo pawo m'mawa, mudzawapeza mayiwo akuthirira chitini chija, akuuza Kadontho kuti asachite manyazi, awo afikawo ndi bambo ake.