Mafuta a m'kabotolo kabulauni

Kabotolo kake kanali kabulauni, kotalika ngati chala changa. Amayi ankakasunga m'chitini cha mabisiketi pamwamba pa kabati, kutali ndi dzuwa ndiponso ndi ana. M'kati munali mafuta a bulugamu. Akangotsegula, fungo linkalasa m'mphuno mpaka misozi.

Amayi anali namwino, ndipo boma linawatumiza ku Mzimba kuchokera kwathu ku Dedza. Mafutawo ankawadziwa bwino. Chifuwa chikandigwira m'nyengo yozizira, ankadonthezera timadontho tiwiri m'supuni ya mafuta ophikira, kenako n'kundipaka pamtima. "Osasungunula amawotcha khungu," ankatero nthawi zonse.

Mu Juni wa chaka chimene ndinali mu Sitandade 3, abambo anabwera ndi mtsikana wa ku Champhira. Anati ndi mwana wa anzawo, adzaphunzire pa Boma. Anali wamkulu pang'ono kwa ine, wachete, Chichewa chake chodzaza ndi Chitumbuka. Amayi sanamukalipirepo. Ankangomupatsa mbale yakeyake ndi kapu yakeyake, ndipo zovala zake sizinkalowa m'beseni limodzi ndi zathu.

Kenako mtsikanayo anatuluka zipere m'mutu. Loweruka m'mawa, abambo atapita kumsika, amayi anamukhazika pa mpando pakhonde, namumeta ndi lezala. Anatsitsa chitini chija. Supuni sanatenge.

"Iwe, mugwire manja," anandiuza.

Ndinamugwira. Amayi anapendeketsa kabotolo pamutu wometedwa kumene, pomwe lezala inali itacheka apa ndi apo, nafikisa ndi thonje. Mtsikanayo anaumitsa thupi lonse, zikhadabo zake n'kulowa m'manja mwanga.

"Vikuŵinya chomene, amama!" analira m'Chitumbuka, kutanthauza kuti zikupweteka kwambiri.

"Mankhwala osapweteka sachiza."

Ine ndinaseka. Palibe anandiuza kuti ndiseke, ndipo mpaka lero ndimasowa pobisala ndikakumbukira. Atamaliza, amayi anamufunsa kuti amati chiyani munthu akamuthandiza. Iye, mamina ali chuchuchu, anagwada nati, "Yewo, amama."

Pofika Lolemba mutu wonse unali matuza. Anavala duku, koma madzi achikasu ankadutsa pansalu. Anzathu kusukulu ankatseka mphuno akamadutsa, ine ndili patsogolo kuwafotokozera mmene analirira. Aphunzitsi atamuvula dukulo, khungu lina linatsalira pansalu. Aphunzitsiwo kwawo kunalinso ku Champhira, ndipo ndikukhulupirira kuti ndiwo anatumiza uthenga.

Patapita masiku atatu, amalume ake a mtsikanayo anafika pa njinga, miyendo ili mbuu ndi fumbi. Anakana mpando, anakananso madzi. Amayi anafotokoza mofatsa, ndi mawu awo a kuchipatala, kuti khungu la ana ena silipirira mankhwala. Amalumewo sanawayang'ane n'komwe. Anayang'ana abambo.

"Ngakhale ng'ombe sitiitentha chonchi. Mbwenu mwana wanu ndamutenga."

Abambo anamangirira kachikwama ka mtsikanayo pa kaliyala wa njinga, mfundo ikukana. Tsitsi silinamerenso pakati pa mutu wa mtsikanayo. Ndinadzaona ndekha pa maliro a abambo, ali mayi wa ana atatu.

Tsiku limene anamutenga lija ine ndinangokondwa kuti bulangete latsala langa ndekha. Mawu akuti "mwana wanu" ndinawamva bwinobwino, koma ndinkaganiza kuti ndi ulemu chabe, mmene akuluakulu amatchulira mwana aliyense. Sindinadziwe kuti manja amene ndinapanikiza pakhonde paja anali a mkulu wanga.