Bawuti Yachinayi ya Che Twalibu

Ku Alrode, pa yadi ya sikilapu pomwe ndimagwira ntchito, bawuti ikakana timaitana che Twalibu. Ndi Myao wa ku Machinga, wamfupi, wosayankhulayankhula, ndipo ali ku Joni kuno chaka cha makumi awiri ndi chimodzi. Ena tonsefe timalimbana ndi dzimbiri ngati tikumenyana ndi mdani. Iwo ayi. Amathira oyilo wa mabuleki, n'kupita kukamwa tiyi. Akabwera amagogoda katatu ndi hamala, kulowetsa paipi ku sipanala, kenaka mumangomva kuti kwee! Yamasuka.

Kumudzi sapitako. Pasipoti yawo inatha kalekale, ndipo akudziwa kuti akangodutsa malire pa Beitbridge, kubwereranso kuno n'kovuta. Nanga kumudziko akafikira pati? Sanamangeko ngakhale khola la nkhuku. Moyo wawo ndi msewu umodzi basi: m'mawa ku Alrode, madzulo ku mkuku wawo, kanyumba ka malata pafupi ndi Reiger Park, Lachisanu ku mzikiti.

M'chipwirikiti chothamangitsa obwera cha 2008 anthu anawathyolera chitseko n'kutenga makina osokera a akazi awo, a Mwanaidi. Atagula ena, che Twalibu anaboola simenti ya pansi, namanga miyendo ya makinawo ndi mabawuti anayi, n'kuthirapo madzi amchere dala kuti achite dzimbiri. Ankanyadira nazo. "Wakuba atenge ndi nyumba yomwe," ankatero.

Chaka chino mayi awo a a Mwanaidi anafa ziwalo mbali imodzi, ndipo kumudzi kunalibe wowasamala. Nawonso a Mwanaidi anali atatopa ndi kudzitsekera m'nyumba nthawi zonse kukamveka kuti anthu akuguba kuthamangitsa obwera. Anati akupita, koma makina sasiya, chifukwa ndiwo adzawadyetse kumeneko. Popanda makina, ulendo palibe.

Loweruka, tsiku lomwe a Dauda, amene amanyamula katundu wa ku Malawi, anati abwera ndi lole, che Twalibu anandiitana kuti ndidzathandize kunyamula. Mabawuti atatu anatuluka ndisanamalize n'kapu ya tiyi yomwe. Yachinayi, ya kukhoma, inakana.

Anathira oyilo. Anagogoda. Anagwada pansi, thukuta kamukamu, mitsempha ya m'khosi ili njoo. Panja a Dauda ayamba kuliza hutala.

"Madala, nginamawala, ndili pachangu! Ku Germiston kuli anthu ena akundidikira. Teni minitsi, ndikunyamuka."

"Yagwira iyi," anatero che Twalibu osadzutsa mutu. "Mwina ulendo wa mwezi wamawa."

Ine ndinadabwa. Munthu amene anamasulapo mawilo a thirakitala yomwe inagona m'matope zaka khumi, lero agonje ndi kabawuti konga chala changa? Nditayang'anitsitsa, mtima unandiwawa. Sipanala ankaikokera kumanja. Ankamanga, osati kumasula. Ndinatseka pakamwa, poti za m'banja la eni sulowerera.

Koma a Mwanaidi anali ataima pakhomo, chikwama m'manja, ndipo nawo anaona.

"Abambo a Haruna," anatero motsitsa mawu, kuwatchula dzina la mwana wawo woyamba, "zaka zonsezi ndakhala ndikukuonani mukugwira ntchito. Kumasula n'kumanzere."

Che Twalibu anakhala pansi pa simenti, sipanala ili pamwendo.

"Mukapita, ine nditsala ndi ndani kuno?"

"Tiyeni limodzi. M'lolemo malo alimo."

"Ndikaoneke bwanji kumudzi? Tchona wobwera ndi sipanala yokha?"

"Amayi sangadzitembenuze okha pamphasa. Mukufuna ndisankhe bwanji ine?"

Hutala inaliranso. Ndikunena zoona, ndinkafuna bawutiyo ikanedi, chifukwa mkuluyu ndimamukonda, ndipo ndimadziwa mmene mkuku umakhalira ukatsala wekha. Koma anapukuta nkhope ndi malaya, natembenuza sipanala, nalowetsa paipi. Sanagwiritse ntchito mphamvu n'komwe. Kwee! Dzimbiri linayoyoka ngati chiponde chouma.

Makina tinanyamula awiri, iwo kutsogolo ine kumbuyo. Anawamanga okha m'lole ndi chingwe, nayesa mfundo iliyonse kawiri, nawauza a Dauda kuti asaikepo katundu wolemera pamwamba. Akazi awo atakwera, anawapatsira kabotolo ka oyilo pawindo. Sanakweze dzanja lole ikunyamuka.

Lolemba anabwera kuntchito nthawi yake, namasula mabawuti a anthu tsiku lonse monga mwa masiku onse. Madzulo ndinawaperekeza kwawo. Pomwe panali makina panatsala malo oyera pa simenti, ndipo mabawuti anayi aja anali atawabwezera m'mabowo mwake, omangidwa bwinobwino, osagwira kanthu.

Ndinawafunsa chifukwa chake.

"Ndimapunthwa m'mabowomo," anatero, n'kupita kukatereka madzi a tiyi. Anatulutsa makapu atatu, kenaka imodzi anaibweza.